Tinyama ta Bugula ndi ntchito yopatsa zamoyo mayina oyenera

Sitima yapamadzi ikakhalitsa padoko la nyanja yamchere, kaya ndi ku Durban, ku Sydney kapena ku San Diego, kumimba kwake kumamera tizitsamba tofewa, tofiirira mopita ku pepo, tosapitirira masentimita 10 kawirikawiri, tomangogwedezeka ndi mafunde. Anthu opala sitima amatiyesa ndere, amatikokolola limodzi ndi nkhono ndi matope, basi nkhani yathera pomwepo. Komatu si ndere, ndipo si chomera n'komwe. Kachitsamba kalikonse ndi khamu la tinyama mazanamazana, mwinanso masauzande, tolumikizana thupi ndi thupi, ndipo kanyama kamodzi kamangotalika milimita imodzi kapena kucheperapo. Asayansi amati ndi Bugula neritina, wa m'banja la Bugulidae, m'gulu lalikulu la nyama lotchedwa Bryozoa. Mayina otere amagwetsa ulesi, ndipo anthu ambiri, ngakhale opita patali ndi sukulu, amaona ntchito yogawa zamoyo m'mabanja ndi m'mafuko ngati yachikale, yopanda chimene imatithandiza. Ine ndikuona mosiyana. Dzina la sayansi ndi chigamulo chonena kuti nyama iyi ndi mbale wa iyi osati wa iyo, ndipo chigamulocho chimaperekedwa potengera umboni. Chikalakwika, kulakwako kumafika mpaka m'chipinda chopimiramo mankhwala. Mbiri ya banja la Bugulidae ikuonetsa zimenezi bwino lomwe, ndipo ikuonetsanso kuti umboniwo suyenera kuchokera mbali imodzi yokha. Diso loyang'ana thupi ndi makina owerenga DNA, chilichonse chikasiyidwa pachokha chimaphonya.

Tiyambe ndi thupi lenilenilo, pakuti mkangano wonse wagona pamenepo. Mukaika kanthambi kamodzi m'mbale ya madzi amchere pansi pa maikulosikopu, mumaona kuti kanthambiko ndi mizere iwiri ya tizipinda tosanjikizana mosinthanasinthana, kena kumanja kena kumanzere, tonse titapenya mbali imodzi. Kachipinda kalikonse n'kotambalala kumtunda, kowonda kumunsi. Makoma ake a m'mbali ndi a kumbuyo ndi olimbako, ali ndi laimu pang'ono chabe, koma kutsogolo n'kotsekedwa ndi kachikopa kopyapyala kotha kupindikira mkati. Madzi akadekha, pakhomo pa kachipindako pamatseguka, mtolo wa timanja towonda n'kutuluka pang'onopang'ono, kenako timanjato n'kufunyululuka kupanga nkhata yotambalala. Pa Bugula neritina timanjato timakhala pafupifupi 23. Kamanja kalikonse kali ndi tiubweya tosaoneka ndi maso tomwe timapalasa madzi osaleka, kuwakokera pakati pa nkhata pomwe pali kamwa, ndipo tindere ta selo imodzi toyandama m'madziwo timatsalira pamenepo n'kumezedwa. Njira ya chakudya imatsika kuchokera kukamwa, imakhota m'mimba, n'kukweranso, ngati chilembo cha U. Potulukira chimbudzi pali pafupi ndi kamwa, koma kunja kwa nkhata ya timanja, kotero kuti zotuluka sizibwerera m'chakudya. Mfundo imeneyi ikuoneka yaing'ono, koma muisunge, chifukwa ndi imene inasankhira nyama zimenezi malo ake pakati pa zamoyo.

Kanyamaka kalibe mnofu wokankhira nkhata kunja. Chimene kamachita n'chakuti timinofu ta m'mbali timakokera kachikopa kakutsogolo kaja mkati, madzi a m'thupi n'kupanikizika, ndipo posowa kolowera amakankha nkhatayo kutulukira pakhomo. Kubwerera mkati ndiye n'kwa kuphethira kwa diso: mnofu waukulu womangirira pansi pa kachipinda umangokoka kamodzi, nkhata yonse n'kuzimiririka. Mtima palibe, mitsempha ya magazi palibe, ziwalo zopumira palibe, impso palibe. Mpweya umalowera pakhungu la timanja, ndipo ubongo wake ndi kamfundo ka minyewa kokhala pakati pa kamwa ndi potulukira chimbudzi. Tizipinda toyandikana timalumikizana kudzera m'tiziboo ta m'makoma, momwe mumadutsa tizingwe tofewa tonyamula chakudya kuchoka kwa kanyama kodya kupita kunsonga kumene kukuphuka atsopano, ndiponso kwa ena amene sadya okha. Chodabwitsa kuposa zonse n'chakuti nkhata ndi matumbo sizikhalitsa. Pakapita milungu ingapo zimafota, zimakhwinyata n'kusanduka kambulu kabulauni, koma kachipindako sikafa. Makoma ake amoyo amatha kuphukitsa nkhata ina ndi matumbo ena m'malo momwemo. Akatswiri ambiri amaganiza kuti umu ndi mmene nyama yopanda impso imachotsera zinyalala zounjikana m'maselo a m'mimba. Choncho funso loti nyama yeniyeni ndi iti, kaya kachitsamba konse, kaya kachipinda, kaya nkhata ndi matumbo zomwe zimafa n'kubwerera, si funso lopepuka, ndipo akatswiri oyambirira analimbana nalo zaka zambiri.

Kwa nthawi yaitali anthu a ku Ulaya ankatiwerengera pamodzi ndi zomera. John Ellis wa ku London, m'buku lake la mu 1755, anaonetsa ndi zithunzi zojambula mosamala kuti tizitsamba tambiri ta m'nyanja tili ndi tinyama mkati. Carl Linnaeus wa ku Sweden mu 1758 anapatsa kanyama kathu kano dzina loti Sertularia neritina, kutanthauza kuti anakaika m'fuko limodzi ndi tinyama tina tanthambi tomwe ndi abale a makorali. Sanalakwe mwachibwana ayi. Kunja kwake n'zofananadi: zonse n'zanthambi, zonse zili ndi timanja tozungulira kamwa. Koma mimba ya mbale wa korali ndi thumba la khomo limodzi, polowera chakudya ndi pomwe potulukira zotsala. John Vaughan Thompson, dokotala wa asilikali yemwe ankakhala ku Cork ku Ireland, mu 1830, ndi Christian Gottfried Ehrenberg wa ku Berlin mu 1831, aliyense payekha anaona kuti tinyama tina tili ndi njira ya chakudya ya makomo awiri, ndipo anatipatula. Thompson anati Polyzoa, Ehrenberg anati Bryozoa, ndipo dzina lachiwirili ndilo linapambana patapita zaka zambiri akatswiri a ku Britain akukakamira loyambalo. Mu 1869 Hinrich Nitsche anapatulanso gululo pawiri poyang'ana malo a potulukira chimbudzi paja: tina tili napo mkati mwa nkhata, tina kunja. Masiku ano ta mkati tija timawerengedwa ngati gulu lalikulu lapadera lotchedwa Entoprocta. Taonani mmene nkhaniyi inayendera. Nthawi iliyonse maonekedwe a kunja ankanamiza, ndipo chokonza cholakwacho chinali kuyang'anitsitsa mozama, osati kuleka kuyang'ana.

Lero mitundu ya bryozoa yamoyo yodziwika ilipo pafupifupi 6,000, ndipo ya makedzana yopezeka m'miyala ndi yoposa 15,000. Imagawidwa m'magulu atatu. A Phylactolaemata ndi a m'madzi opanda mchere okhaokha. A Stenolaemata ali ndi tizipinda ta laimu tooneka ngati timapaipi, ndipo anali ochuluka kalekale. A Gymnolaemata ndiwo adzaza nyanja za masiku ano, makamaka nthambi yawo ya Cheilostomata, imene George Busk anaitcha dzina mu 1852 poona kuti ambiri mwa iwo ali ndi kachivindikiro kotseka pakhomo pa kachipinda. M'nthambi imeneyi ndimo muli banja la Bugulidae, limene John Edward Gray wa ku British Museum analikhazikitsa mu 1848 potengera fuko la Bugula lomwe Lorenz Oken analitchula mu 1815. Zizindikiro za banjali ndi izi: tizitsamba toimirira, tanthambi, tofewa chifukwa cha kuchepa kwa laimu, tomangirira pamwala kapena pachitsulo ndi timizu, tokhala ndi kachikopa kofewa kutsogolo kwa kachipinda chilichonse. Timizuto nato ndi tinyama tosandulika, topanda kamwa ndi matumbo, tongogwira ntchito yomangirira. Banjali lafalikira kutali. A Dendrobeania amakonda madzi ozizira a kumpoto, a Kinetoskias amaima pa kaphesi kakatali m'matope a nyanja yakuya, ndipo Caulibugula zanzibariensis anafotokozedwa koyamba ndi Arthur Waters mu 1913 kuchokera m'zimene Cyril Crossland anatola m'nyanja ya kummawa kwa Africa, cha ku Zanzibar.

Chimene chinatchukitsa banjali ndi timitu ta mbalame. Pa nthambi za mitundu yambiri ya Bugulidae, pambali pa tizipinda todya, pamakhala tinthu tooneka ndendende ngati mutu wa mbalame yodya nyama, mlomo wokhota pamwamba, chibwano choyenda pansi, zonse zili pa kakhosi kafupi. Asayansi amatitcha avicularia. Kamutuko kamagwedezera uku ndi uku kukamwa kuli yasa, ndipo kanthu kakangokhudza tiubweya ta pakati pa mlomo ndi chibwano, kamaluma n'kugwiritsa. Charles Darwin ankadziwa bryozoa kuyambira unyamata wake, pakuti kafukufuku wake woyamba, yemwe anamufotokoza ku Edinburgh mu 1827 ali ndi zaka 18, anali wa ana osambira a mtundu wina wotchedwa Flustra. Pa ulendo wa sitima ya Beagle anationa timitu totere pa bryozoa za ku zilumba za Falkland ndi ku Tierra del Fuego, anatifanizira ndi mutu wa muimba, ndipo anatiyesa ndi singano n'kuona kuti timaigwira zolimba. Mu 1871 St George Mivart anatchula timituti pakati pa zinthu zimene ankati chiphunzitso cha Darwin sichingazifotokoze. Darwin anamuyankha mu 1872 potsamira pa ntchito ya Busk ndi anzake, omwe anali ataonetsa kuti kamutu kalikonse ndi kanyama kathunthu kosandulika: chibwano chake ndi kachivindikiro ka pakhomo kaja, kokulitsidwa ndi kupatsidwa minofu yamphamvu, ndipo nkhata ndi matumbo zinafota n'kutsala kanthu kongomvera kukhudzidwa. Pakati pa mitundu yosiyanasiyana mumapezeka masitepe onse, kuyambira kachipinda kongosiyana pang'ono ndi anzake mpaka kamutu ka mbalame kathunthu. Kamutuko sikadya, kamadyetsedwa ndi anzake kudzera m'tizingwe tija. Judith Winston ndi akatswiri ena anaona timitu totere tikugwira tinyongolotsi ndi tizilombo tina toyenda pa nthambi, ndipo ambiri amavomereza kuti ntchito yake yaikulu ndi ulonda.

Chiwalo china chimene wogawa mitundu sangachilumphe ndi kathumba kolereramo mwana, kokhala kumutu kwa kachipinda. Pa Bugula neritina kathumbako n'kobulungira, koyererako, ndipo kamamera pangodya yamkati, kopendekeka. Dzira lake ndi laling'ono kwambiri, koma likalowa m'kathumbako silisiyidwa lokha. Robert Woollacott ndi Russel Zimmer anaonetsa m'zaka za m'ma 1970 kuti maselo a mayi otseka khomo la kathumbako amakhuthala n'kumadyetsa mwanayo, kugwira ntchito yofanana ndi ya nsengwa, ndipo mwanayo amakula kuwirikiza mazanamazana asanatuluke. Nsengwa pa kanyama kosakwana milimita n'chinthu choyenera kuimapo kaye. Mwanayo akatuluka, kawirikawiri kukayamba kuwala, amakhala kambulu kozunguliridwa ndi tiubweya, kopanda kamwa, kongodalira chakudya chimene kanatenga kwa mayi. Kamasambira maola ochepa chabe, n'kumata pamalo olimba, thupi lake lonse n'kusandulika kukhala kachipinda koyamba. Kuchokera pa kachipinda kameneka ena onse amaphuka, mmodzi pamwamba pa mnzake, kotero kuti tinyama tonse ta m'kachitsamba kamodzi tili ndi majini ofanana. Mwana wosambira maola ochepa sangaoloke nyanja ya Atlantic kapena ya Pacific. Ngati mtunduwu ukupezeka m'madoko a madzi otentha ndi ofunda pafupifupi dziko lonse, ndiye kuti wakhala ukukwera sitima.

Tsopano pali chinthu chovuta. Bugula neritina, amene ndiye mwini dzina la fuko, alibe timitu ta mbalame ndipo alibe minga, pamene mitundu ina yambiri imene inkatchedwa Bugula ili ndi zonse ziwiri. Kwa zaka zoposa 100 akatswiri ankangounjika m'fuko limeneli pafupifupi kachitsamba kalikonse kofewa ka tizipinda tofanana, ngakhale ankaona kuti ena kathumba ka mwana kali pangodya, ena kali pakati, ena minga njambiri, ena palibe. Mu 2015 Karin Fehlauer-Ale wa ku Brazil, pamodzi ndi Winston, Leandro Vieira ndi anzawo, anayerekeza DNA ya mitundu yambiri ya fukoli, n'kuikanso pambali pake zizindikiro za thupi. Anapeza kuti Bugula wakaleyo sanali fuko limodzi lochokera kwa kholo limodzi, koma magulu anayi osiyana. Malamulo a mayina a nyama amati dzina limatsala ndi gulu limene muli mtundu woimira fukolo, choncho Bugula anatsala ndi neritina ndi abale ake enieni. Ena anapita ku Bugulina ndi ku Crisularia, ndipo mtundu wina wobiriwira mopita ku buluu unapatsidwa fuko latsopano la Virididentula. Chochititsa chidwi n'chakuti Bugulina ndi Crisularia si mayina atsopano. Anawatchula ndi Gray yemwe uja mu 1848, ndipo anali atakwiriridwa ndi akatswiri a pambuyo pake amene ankati kusiyanako n'kochepa. DNA inabwezeretsa mayina amene diso la munthu linali litapereka kale zaka 167 m'mbuyomo.

Apa wina anganene kuti: ndiye mwadzitsutsa nokha. Ngati mayina amangosinthasintha, lero Bugula mawa Bugulina, phindu lake n'chiyani kupatula kusokoneza ophunzira ndi oyang'anira madoko amene analemba kale mabuku awo? Dandaulo limeneli si lachabe. Munthu wofufuza za Bugulina stolonifera, amenenso amamera pansi pa sitima, ayenera tsopano kusaka pa mayina awiri, ndipo alipo amene amaphonya malipoti akale chifukwa chosadziwa. Koma tiganize chimene dzina la fuko limalonjeza. Limati: zimene mwapeza pa mtundu uwu, muyambe mwaziyembekeza pa anzake a dzina lomweli, chifukwa anazilandira kwa kholo limodzi. Wofufuza amene wapeza mankhwala, kapena nsengwa, kapena njira yophera tizitsambati pansi pa sitima, amasankha mtundu wotsatira woti auyese potsata lonjezo limeneli. Fuko likakhala thumba longoponyamo zofanana kunja, lonjezolo limakhala labodza, ndipo munthu amawononga zaka ndi ndalama akuyerekeza zinthu zosayenera kuyerekezedwa. Kusokonezeka kobwera ndi dzina latsopano kumatha pakapita zaka zochepa, mabuku akakonzedwa. Kusokonezeka kobwera ndi dzina lolakwika sikuoneka n'komwe, ndipo n'chifukwa chake n'koopsa. Ine ndingasankhe vuto looneka.

Kuti zimenezi si nkhambakamwa, umboni wake uli mkati mwa dzina lomwe lija la neritina. Kuyambira mu 1968 George Pettit wa ku Arizona State University ankafufuza tizitsambati atapeza kuti madzi ake amalimbana ndi maselo a khansa, ndipo mu 1982 gulu lake linalengeza kapangidwe ka mankhwala amene anawatcha bryostatin 1. Mankhwalawa amapezeka ochepa zedi. Lipoti la mu 1991 linafotokoza kuti bungwe la boma la America lofufuza za khansa, National Cancer Institute, linasonkhanitsa matani pafupifupi 14 a tizitsambati ku gombe la California n'kupezamo magalamu 18 okha. Vuto lina linali loti tizitsamba totoledwa malo ena tinalibe bryostatin 1 n'komwe, ngakhale tinali tofanana ndi tinzake pa chilichonse chooneka. Mu 1999 Seana Davidson ndi Margo Haygood a ku Scripps Institution of Oceanography anapeza chifukwa chake. Atawerenga DNA anaona kuti ku California kuli mitundu iwiri yobisala m'dzina limodzi. Wina, wa m'madzi akuyako, anaupatsa chilembo D, ndipo ndiwo uli ndi bryostatin 1. Wina, wa m'madzi osaya ndi m'madoko, anaupatsa chilembo S, ndipo uli ndi ma bryostatin ena koma osati ameneyu. Mu 2003 Tamara McGovern ndi Michael Hellberg anapeza wachitatu, N, ku gombe la kummawa kwa America cha kumpoto. Munthu wotumidwa kukatola Bugula neritina padoko lapafupi, atanyamula buku lolondola la nthawi imeneyo, akanatha kudzaza sitima yonse ndi mtundu wopanda mankhwala ofunidwawo.

Nkhaniyi inapitanso patsogolo. Haygood ndi Davidson anali ataona kale kuti m'thupi la ana osambira aja muli mabakiteriya apadera, omwe anawatcha Endobugula sertula, opatsirana kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana, ndipo umboni wambiri ukuloza kuti opanga bryostatin ndi mabakiteriyawa, osati kanyamako. Mu 2004 Nicole Lopanik ndi anzake anaonetsa ntchito yake. Ana amene mabakiteriya awo anaphedwa ndi mankhwala anataya bryostatin pafupifupi yense, ndipo chimene chinkawaipitsa mkamwa mwa nsomba chinachoka. Mwana wofewa, wonona, wosambira masana poyera, amapulumuka chifukwa chowawa. Tsono ganizirani za mtundu umene ulibe timitu ta mbalame ndiponso ulibe minga, koma uli ndi mabakiteriya oteteza ana ake. Sitinganene motsimikiza kuti chimodzi chinalowa m'malo mwa chinzake, pakuti timitu timalondera kachitsamba pamene bryostatin amateteza makamaka ana. Koma funso lotere silingabwere n'komwe m'mutu mwa munthu amene sanayang'ane nthambi n'kuona kuti timitu palibe.

Wina anganenenso kuti: ngati diso linalephera kusiyanitsa D, S ndi N, bwanji osangosiya maikulosikopu n'kumawerenga DNA basi? Maganizo amenewa ali ndi otsatira ambiri, chifukwa kuwerenga DNA kwatsika mtengo pamene kuphunzitsa munthu kuzindikira tizipinda kumatenga zaka. Yankho loyamba n'lakuti DNA yowerengedwa imayerekezedwa ndi ina yosungidwa pa kompyuta, ndipo yosungidwayo inapatsidwa dzina ndi munthu amene anayang'ana thupi. Munthuyo akalakwa, makina amabwereza kulakwako kwa aliyense wofunsa. Lachiwiri, mitundu yoposa 15,000 ya m'miyala ija ilibe DNA. Zonse zimene tikudziwa za mbiri ya bryozoa, kuti inalipo kale zaka pafupifupi 480 miliyoni zapitazo, kuti a Cheilostomata anaoneka zaka zoposa 150 miliyoni zapitazo n'kudzachulukana mwadzidzidzi zaka pafupifupi 100 miliyoni zapitazo, zachokera m'tizipinda touma. Paul Taylor wa ku Natural History Museum ku London anaona mu 1988 kuti kuchulukana kumeneko kunayamba nthawi imene timathumba tolereramo ana tinayamba kuoneka m'miyala, ndipo anapereka ganizo loti ana osasambira kutali anachititsa kuti magulu azipatukana msanga n'kusanduka mitundu yatsopano. Lachitatu, diso silolephera monga ena amaganizira. Mu 1990 Jeremy Jackson ndi Alan Cheetham anayesa nkhaniyi pa bryozoa za laimu wambiri za ku Panama. Anazigawa poyeza tizipinda mosamala, analera ana ake, anayerekeza ndi umboni wa majini, ndipo anapeza kuti magulu ogawidwa ndi diso akugwirizana ndi a majini. Kumene diso limavutika ndi ku mabanja ofewa ngati Bugulidae, omwe ali ndi zizindikiro zolimba zochepa. Kumeneko DNA ndi yofunikadi. Koma DNA imangotiuza kuti awa anapatukana ndi awa. Kuti tidziwe chimene chinasintha pakupatukanako, kaya kathumba kanasuntha, kaya minga inatha, tiyenera kubwerera ku kanthambi kali m'mbale.

Chotsutsa chomaliza ndi chimene chimandikhudza kwambiri, chifukwa chimachokera kwa anthu oganiza bwino. Amati mankhwala aja ali kuti? Zoona zake n'zakuti bryostatin 1 anayesedwa kambirimbiri pa odwala khansa ndipo zotsatira sizinakhutiritse. Wayesedwanso pa matenda oiwalaiwala a Alzheimer, komanso ngati njira yodzutsira kachilombo ka HIV kobisala m'maselo kuti kaphedwe, koma kuyesa koyamba pa anthu ochepa okhala ndi HIV ku Madrid, komwe zotsatira zake zinatuluka mu 2016, sikunaonetse kusintha pa mlingo wochepa umene anapereka. Mu 2017 Paul Wender wa ku Stanford anapeza njira yopangira mankhwalawa m'labotale pa masitepe 29, kotero kuti kukokolola matani a tizitsamba sikukufunikanso. Mpaka pano bryostatin si mankhwala ovomerezeka a matenda alionse, ndipo aliyense amene ali pa ma ARV asamve nkhaniyi ngati chifukwa chosiyira kapena kudikira china. Koma mfundo yanga sinagone pa kupambana kwa mankhwalawa. Ngakhale atalephereratu, zikhalabe zoona kuti kuyesako sikukanakhala kodalirika popanda kudziwa mtundu umene ukuyesedwa. Ife a kuno, kutali ndi nyanja yamchere, vuto limeneli tili nalo pakhomo. Pamsika timangoti chambo, koma m'dzina limenelo muli mitundu itatu, Oreochromis squamipinnis, Oreochromis karongae ndi Oreochromis lidole, iwiri yomalizayi inafotokozedwa ndi Ethelwynn Trewavas mu 1941. Powerenga chambo chonse ngati nsomba imodzi, mtundu umodzi ukhoza kutha m'nyanja ziwerengero zikuonetsa ngati zinthu zikadali bwino, ndipo lidole ndiye wasowa kale kwambiri m'makoka.

Ntchito ya Bugulidae nayo sinathe. Kafukufuku wa mu 2014 anatsimikiza ndi majini angapo kuti S, D ndi N ndi mitundu itatu yosiyana, ndipo S ndiye wafalikira m'madoko a dziko lonse. Kafukufuku wina anapeza kuti N, yemwe poyamba ankaoneka wopanda mabakiteriya aja, amakhala nawo m'madera ena ofunda, kotero kuti ngakhale chizindikiro chimenecho sichingadaliridwe pachokha. M'malipoti ambiri mitundu itatuyi imalembedwabe ndi dzina limodzi la Linnaeus, chilembo chili pambuyo pake, ndipo m'malipoti ena chilembocho mulibe. Ku Africa kuno ogwira ntchito imeneyi ndi owerengeka. Mu 2007 Wayne Florence, Peter Hayward ndi Mark Gibbons atafufuza madzi osaya a ku gombe la kumadzulo kwa South Africa, anapeza mitundu ya bryozoa imene inali isanafotokozedwepo, m'dziko lomwe lili ndi mayunivesite ndi nyumba zosungiramo zamoyo zakalekale. Wophunzira sayansi ya zamoyo amene akusankha njira yoti atsate asanyoze maikulosikopu ndi mabotolo a m'nyumba zoterezi, koma aphunzire kuyeza thupi ndi kuwerenga DNA zonse ziwiri. Ndipo inu owerenga, tsiku limene mudzaone nkhani yonena kuti Bugula neritina wachita chakuti kapena wapezeka ndi mankhwala akuti, mudzafunse kaye kuti akunena uti mwa atatuwo.